Kukagona m'tenti ndi galu ku Shenandoah National Park: zochita kuyambira pakhomo mpaka potsika phiri

Anthu amene amapita ndi galu koyamba ku Shenandoah, paki ya m'mapiri ya ku America, amakonda kukodwa pamalo amodzi. Amanyamuka mbandakucha ku Maryland kapena ku Washington, D.C., amayenda maola awiri ndi theka, n'kukaima poimika magalimoto pa Dark Hollow Falls chifukwa ndiwo mathithi amene anawaona pa zithunzi za anzawo. Akungotsitsa galu, balamanthu chikwangwani: agalu saloledwa m'kanjira aka. Dzuwa lakwera, ana akufuna mathithi, ndiye wina amatulutsa mawu amene amapha agalu chaka ndi chaka: "Timusiye m'galimotomu, tikangoona n'kubwerako." Ena vuto limawapeza usiku, galu amene sanalowepo m'tenti akamauwa chilichonse chimene chaswa tsamba mpaka msasa wonse kudzuka. Enanso limawapeza patapita miyezi, galu akayamba kutsimphina chifukwa cha nkhupakupa imene sanaione.

Zonsezi gwero lake ndi limodzi. Kunyumba galu mumamutsekera n'kupita kuntchito, koma m'phirimu mulibe komusiya. Malamulo salola kumumangirira inu n'kuchoka, m'galimoto mumatentha, tenti amaing'amba. Kumene mupite, apita nanu. Choncho pokonza ulendo yambani ndi funso lakuti galuyo akuloledwa kuti, zofuna zanu zibwere pambuyo.

Mwayi ulipo ndi wakuti Shenandoah imalandira agalu kuposa mapaki ambiri a ku America. Ili m'mapiri a Blue Ridge m'chigawo cha Virginia, timanjira take toyenda pansi timaposa makilomita 800, ndipo toletsedwa kwa agalu sitikwana makilomita 32.

## Zofunika kutenga

Tenti, zofunda ndi mapoto anu mukuzidziwa kale. Izi ndi za galu:

- Chingwe cholimba chosapitirira mamita 1.8, ndi china chapadera. Utali umenewu ndi lamulo la mapaki onse a boma la America.
- Lamba wa pachifuwa womukwana bwino. Wa m'khosi galu akadzidzimuka amauvula pobwerera cham'mbuyo.
- Kachitsulo ka m'khosi kolembedwa nambala ya foni yanu.
- Kakhola konyamula, kapena lamba womangirira galu pampando wa galimoto.
- Chakudya chimene anazolowera, chokwanira masiku onse ndi lina limodzi, m'chigubu chotsekeka bwino.
- Mbale ziwiri, ndi ina yopindika yoyenda nayo.
- Chigubu cha madzi cha malita 10 kapena kuposerapo.
- Timajumbo totolera chimbudzi chake, tambiri, ndi chitini chakale chokhala ndi chivundikiro chonyamulira timajumbo tadzadza.
- Katandiko ndi bulangete lake la kunyumba, losachapa.
- Mathaulo awiri akale.
- Chopanira chosongoka chozulira nkhupakupa, bandeji, thonje, mankhwala otsukira bala, ndi mankhwala ake ngati ali nawo.
- Khadi la katemera, lenileni ndi chithunzi chake pa foni.
- Tochi ya pamutu, ndi kanyali kokoleka pa lamba wa galu.
- Mapu a pepala. Netiweki m'phirimu imabwera ndi kupita.

## 1. Kaonaneni ndi dokotala wa ziweto kudakali mwezi

Muuzeni kumene mukupita ndi masiku amene mukakhale. Katemera wa chiwewe akhale wosatha nthawi. Ku Virginia lamulo limafuna kuti galu aliyense wa miyezi 4 kupita m'tsogolo akhale atabayidwa. Funsani za mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri, ndiponso za katemera wa matenda a Lyme ndi leptospirosis, chifukwa oyambawo amachokera ku nkhupakupa za m'mapiri amenewa ndipo achiwiriwo galu amawatenga m'madzi amene nyama zakutchire zakodzeramo. Ngati ali ndi microchip, kachipangizo komuzindikirira koikidwa pansi pa khungu, onani kuti nambala ya foni imene inalembetsedwa ndi imene mukugwiritsa ntchito lero.

Chenjezo: musadikire mlungu womaliza. Katemera amene galu akulandira koyamba nthawi zambiri amabayidwa kawiri, motalikirana milungu ingapo, ndipo sagwira ntchito tsiku lomwelo.

Muli pomwepo, fufuzani zipatala za ziweto za m'matauni a m'munsi mwa phiri monga Front Royal, Luray ndi Waynesboro, muone chimene chimatsegula usiku, mulembe manambala ake papepala.

## 2. Muzoloweze galimoto ndi tenti muli kunyumba

Gawo ili ndi limene anthu ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene limakupatsani tulo m'phiri. Mangani tenti kuseri kwa nyumba kapena pabalaza. Siyani zipi yotsegula, ponyanimo katandiko kake, mumudyetsere momwemo masiku awiri kapena atatu. Kenako gonanimo naye usiku umodzi zipi itatsekedwa. Galu amene wagonapo m'tenti amaitenga ngati chipinda chake. Amene akuiona koyamba mu mdima wa ndiweyani amaitenga ngati msampha.

Galimotonso chimodzimodzi. Ngati maulendo ake onse amathera kuchipatala, yambani ndi timaulendo ta mphindi 15 tothera kosewera, n'kumatalikitsa. Mukaona dovu likuchucha, akuyasamula pafupipafupi kapena akusanza, ndiye kuti galimoto imamuchititsa nseru. Uzani dokotala, mankhwala ake alipo.

Mudulenso zikhadabo. Pansi pa tenti ndi matiresi opopa sizichedwa kubooka.

## 3. Sankhani msasa, mulembetse malo

Pakiyi ili ndi msewu umodzi waukulu, Skyline Drive, umene umayenda pamsana pa phiri makilomita 169. M'mbali mwake muli tizipilala ta simenti tokhala ndi manambala owerenga mamailosi, kuyambira 0 ku Front Royal kumpoto mpaka 105 ku Rockfish Gap kumwera. Malo aliwonse m'pakiyi amatchulidwa ndi nambala ya chipilala, ndiye zolowerani kuganiza motero.

Misasa ya mabanja ilipo inayi, ndipo yonse imalola agalu. Mathews Arm ili pa 22.1, Big Meadows pa 51.2, Lewis Mountain pa 57.5, ndipo Loft Mountain pa 79.5. Kwa amene mukupita koyamba ine ndinganene Big Meadows, chifukwa sitolo, malo osambira ndi omwetsera mafuta zili pafupi, ndipo timanjira tabwino tololedwa tili mozungulira. Kuipa kwake ndi kwakuti pamadzaza anthu, ana ndi agwape. Galu wamantha kapena wokonda kuuwa anzake amapezako mtendere ku Lewis Mountain, umene ndi msasa waung'ono pa yonse, kapena m'mphepete mwa Loft Mountain.

Malo ambiri amalembetsedwa pa intaneti, pa Recreation.gov, ndipo mungatero kudakali miyezi 6. Poyang'ana mapu a msasa, pewani malo oyandikana ndi zimbudzi ndi pampopi, chifukwa usiku wonse anthu amadutsa ndi matochi ndipo galu amadzukira aliyense. Misasayi imatseka m'nyengo yachisanu, imene kumeneko imagwa kumapeto ndi kumayambiriro kwa chaka, ndipo mu October, masamba akamafiira, malo amatha msanga. Ndi galu, May, kumayambiriro kwa June ndi September ndi miyezi yofatsa. July ndi August kumatentha ndipo mabingu a masana sasowa.

## 4. Lembani timanjira tanu papepala musananyamuke

Timanjira toletsedwa ndi tochepa, koma ndi tomwe totchukato, n'chifukwa chake anthu amakodwa. Galu saloledwa ku Fox Hollow, Stony Man, Limberlost, Dark Hollow Falls, Story of the Forest, Bearfence Mountain, Frazier Discovery, ndiponso timanjira tokwera phiri la Old Rag. Kwina chifukwa chake ndi miyala yokwera ndi manja ndi miyendo, kwina ndi kuchuluka kwa anthu pa kanjira kopapatiza. Onani kuti Story of the Forest ili pakhomo penipeni pa msasa wa Big Meadows ndipo Frazier Discovery ili pa Loft Mountain, moti mutha kulowamo osadziwa mukungomuyendetsa galu madzulo. Mndandanda umenewu uyerekezeni ndi wa pa tsamba la pa intaneti la pakiyi mlungu wa ulendo, popeza timanjira timatsekedwanso pa zifukwa zina.

Chilichonse chimene mwaletsedwa chili ndi chinzake chololedwa. Ngati mumafuna mathithi, pitani ku Rose River Loop, kuyambira pa Fishers Gap pa 49.4. Ndi kanjira kozungulira ka makilomita pafupifupi 6 ndi theka, kotsata mtsinje pansi pa mithunzi, ndipo mathithi ake ndi otalika mamita 20. Ngati mumafuna kuima pansonga, kwerani Hawksbill, phiri lalitali kuposa onse m'pakiyi, la mamita 1,235. Kuchokera pa Upper Hawksbill, pakati pa chipilala 46 ndi 47, kupita ndi kubwera ndi makilomita atatu ndi theka. M'malo mwa Stony Man pali Little Stony Man pa 39.1, kanjira kakafupi kotulukira pathanthwe loyang'ana chigwa chonse. Kwa galu wokalamba kapena wonenepa, Blackrock Summit, pakati pa 84 ndi 85, ndi kozungulira kosakwana makilomita awiri. Appalachian Trail, njira yaitali ya oyenda pansi imene imadutsa m'pakiyi makilomita oposa 160 moyandikana ndi msewu, nayonso ndi yololedwa.

Chenjezo: pa Rose River Loop, mukafika pa mlatho wa msewu wafumbi, pali kanjira kokwera ku Dark Hollow Falls kuchokera kumunsi. Madzi mukuwamva, anthu akukwera, mtima umakoka. Kanjira kameneko ndi komwe kaja koletsedwa. Tsatani msewu wafumbiwo mubwerere ku Fishers Gap.

Utoto wa pamitengo uzikutsogolerani: woyera ndi Appalachian Trail, wabuluu ndi timanjira ta oyenda pansi, wachikasu ndi todutsanso akavalo. Mukakumana ndi akavalo, patukani, mugwire galu pafupi ndi mwendo wanu mpaka adutse.

## 5. Tsiku la ulendo

Mudyetseni pang'ono kutatsala maola atatu kuti munyamuke, kenako mumuyendetse adzithandize. Akhale kumbuyo, m'kakhola komangidwa bwino kapena pa lamba wake. Galu womasuka m'galimoto mukaponda mabuleki mwadzidzidzi amauluka ngati thumba la chimanga, ndipo pampando wa kutsogolo chibaluni chotetezera ngozi chikhoza kumupha. Imani maola awiri aliwonse. Kolekani chingwe chitseko chisanatseguke. Agalu ena amasowera pamalo omwetsera mafuta, asanalione n'komwe phiri.

Zipata zilipo zinayi: Front Royal, Thornton Gap pa msewu wa 211, Swift Run Gap pa msewu wa 33, ndi Rockfish Gap. Ochokera ku Washington opita ku Big Meadows amadulira pa Thornton Gap. Dzazani mafuta musanakwere, chifukwa m'paki monse amagulitsidwa pa Big Meadows pokha.

## 6. Pa Skyline Drive yendani mofatsa

Liwiro lololedwa ndi mamailosi 35 pa ola, amene ndi makilomita 56, ndipo msewu wonse umatenga maola atatu. Ndi wokhotakhota, moti galu amene pamsewu wowongoka sadandaula kuno akhoza kusanza. Tsegulani zenera pang'ono mpweya uzilowa, koma mutu usatuluke. Nkhungu ikagwa kumangoti mbuu, simuona ngakhale galimoto ili patsogolo panu, ndipo agwape amadumphira pamsewu osapenya. Yatsani nyali, chepetsani liwiro. Potsika gwiritsani ntchito giya yotsika kuti mabuleki asapse.

Malo oimapo n'kumaona chigwa alipo ambiri. Kuseri kwa timakoma tamiyala ta pamalo amenewa nthawi zambiri kuli phompho. Galu amaona khoma lalifupi ngati la kunyumba n'kulumpha. Mugwireni mwachifupi.

## 7. Pofika pamsasa

Musanatsitse katundu, zungulirani malo anu nokha. Tolani mafupa a nkhuku, zidutswa za chokoleti, timitengo towotchera nyama ndi magalasi osweka amene ena anasiya, makamaka mozungulira pamoto. Kenako mutsitseni galu, mumuyendetse anunkhize malo onse mpaka mtima ukhale pansi. Mukatero wina amugwire, wina amange tenti. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa ulendo woyamba ndikulimbikitsa kuti mukhale akuluakulu awiri: m'sitolo, m'zimbudzi, mosambira ndi m'maofesi ofotokozera alendo za pakiyi galu salowa, ndiye mumasinthana.

Lamulo la mamita 1.8 limagwira ntchito ngakhale pamalo anu ogona. Mumangirireni pa mwendo wa tebulo, pamthunzi, pamene inu muli, kutali ndi moto kuti chingwe chisakokere poto kapena mchira usapse. Madzi akhale pomwepo nthawi zonse.

Nkhuni musachokere nazo kunyumba. Tizilombo tofukula mitengo, monga emerald ash borer, timayenda m'nkhuni ndipo tawononga mitengo yambiri m'mapiri amenewa. Gulani m'pakimo, kapena bweretsani zokhazo zokhala ndi chidindo cha USDA, unduna wa zaulimi wa boma la America.

## 8. Chakudya cha galu ndi nyambo ya chimbalangondo

M'pakiyi muli zimbalangondo zakuda zambiri, ndipo mphuno zawo zimaposa za galu wanu. Anthu amakumbukira kubisa nyama ndi buledi, n'kuiwala thumba la chakudya cha galu pansi pa tebulo. Mudyetseni pa nthawi yake, akamaliza tsukani mbale, zotsala zonse mutsekere m'buti ya galimoto kapena m'bokosi lachitsulo ngati malo anu ali nalo. Tizakudya tomunyengerera tili m'thumba la jekete, mafupa otafuna, sopo, mankhwala otsukira mano, zonse zonunkhira zipite komweko. M'tenti musalowe kanthu kodyedwa ngakhale kamodzi. Zinyalala katayeni m'mabini a msasa kusanade.

Chenjezo: pamoto aliyense amafuna kumuponyera kanthu. Chokoleti, mphesa zaziwisi ndi zouma, anyezi ndi chingamu chokhala ndi zotsekemeretsa zotchedwa xylitol ndi poizoni kwa galu. Mafupa ophika amasweka mosongoka. Auzeni ana asanayambe kudya.

## 9. M'kanjira

Nyamukani m'mawa kudakali mame. Ngati wadya, dikirani ola, makamaka galu wamkulu thupi. Tsiku loyamba sankhani mtunda umene amayenda kale kunyumba. Kukwera phiri kumautalikitsa pakokha.

Chingwe. Ambiri a ife tinakula tikuona galu akuyenda yekha patsogolo, ndipo wothamangitsa kalulu tinkamutama. Kuno khalidwe lomwelo ndi mlandu, ndiponso ndi ngozi. Galu womasuka akapeza chimbalangondo amachiuwa, chikamutembenukira amathawa liwiro la mtondo wadooka kubwerera kwa mwini wake, chimbalangondocho chili pambuyo. Gwape wamkazi wokhala ndi mwana mu May ndi June samathawa galu; amamuponda ndi ziboda. Ngakhale galu womvera chotani, fungo la nyama likamulowa m'mphuno dzina lake salimva. Musamumasule "pang'ono pokha" chifukwa simukuona anthu.

Nyama. Khalani mamita 45 kutali ndi chimbalangondo, mamita 23 kutali ndi nyama zina. Mukakumana nacho, finyani chingwe galu akhale pamwendo, musathamange, yankhulani ndi mawu okhazikika, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono mukuchiyang'ana, muchisiyire njira. Kagalu kakang'ono kanyamuleni. Chikamakuyandikirani, imani pamodzi nonse, kwezani manja, chitani phokoso. Njoka zaululu zilipo mitundu iwiri, copperhead ndi timber rattlesnake, ndipo zimakonda kuothera dzuwa pamiyala ndi kubisala pansi pa zipika, momwe galu amakonda kulowetsa mphuno. Akalumidwa, musateme mphini, musayamwe, musamange mwendo. Munyamuleni ngati mungathe, mupite kwa dokotala nthawi yomweyo.

Madzi ndi kutentha. Pa tsiku wamba galu amamwa mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndiye wa makilogalamu 20 amaposa lita imodzi asanakwere phiri lililonse. Nyamulani kawiri kake, muzimupatsa pang'onopang'ono mphindi 20 kapena 30 zilizonse. Madzi a mumtsinje amaoneka oyera mbee koma amakhala ndi tizilombo totsegula m'mimba monga giardia. Galu satuluka thukuta ngati ife. Amadziziziritsa ndi wefuwefu wa pakamwa, ndipo kukakhala chinyontho njira imeneyi imalephera. Mukaona lilime latambalala, dovu likunanda, nkhama zafiira kwambiri, akudzandira kapena akufunafuna mthunzi n'kugona, imani. Mupititseni pamthunzi, mumuthire madzi ozizira pamimba, m'khwapa ndi m'mapazi, ndipo ngati sakutsitsimuka msanga thamangirani kuchipatala. Agalu a mphuno zazifupi monga pug ndi bulldog amafika pamenepa mwachangu.

Mapazi. Poima paliponse tukulani phazi lililonse muone. Miyala ya m'phirimu imasupula. Pa phula la poimika magalimoto ikani kuseri kwa dzanja lanu. Ngati simungapirire, iyenso sangapirire.

Chimbudzi. Tolani m'kajumbo, ikani m'chitini chija, mukataye mu bini. Kusiya kajumbo m'mbali mwa njira kuti mudzakatenga pobwerera ndi kumene kumanyansitsa timanjira, ndipo madandaulo otere angachititse kuti agalu aletsedwe m'timanjira.

Samalaninso kachitsamba kotchedwa poison ivy, ka masamba atatuatatu. Galu sikamuvuta kawirikawiri, koma mafuta ake amakanirira pa ubweya, inu pomusisita n'kutuluka matuza oyabwa. Mupukuteni ndi thaulo lonyowa mukabwerako.

## 10. Fufuzani nkhupakupa dzuwa lisanalowe

Izi zichitike tsiku lililonse, ngakhale anamwa mankhwala. Mukhazikeni pa thaulo loyera, tochi ili pamutu, muyendetse zala mosemphana ndi ubweya, pang'onopang'ono ngati mukusankha mpunga. Yambani m'makutu ndi kuseri kwake, zikope, pansi pa lamba, m'khwapa, m'mphechepeche, pansi pa mchira, mumalize pakati pa zala. Madzulo ena ku Big Meadows ndinafufuza galu wathu thupi lonse osapeza kanthu, koma ankangonyambita phazi lakutsogolo. Nditatambasula zala zake ndinaona kadontho kakuda konga kambewu ka bonongwe, katamatirira pakhungu lofewa la pakatipo. Nkhupakupa zofalitsa Lyme zikakhala zazing'ono zimakhala choncho, sizifanana ndi zikuluzikulu zotupa zimene tinazolowera kuona pa ng'ombe.

Igwireni ndi chopanira pafupi penipeni ndi khungu, mukoke molunjika, mosagwedeza ndi mosapotokola. Tsukani pabalapo ndi manja anu. Musaiotche ndi machesi, musaipake Vaseline kapena palafini. Kuti ipatsire Lyme nthawi zambiri imafunika kukhala itaumirira kuposa tsiku lathunthu, n'chifukwa chake kufufuza madzulo aliwonse kumathandiza kwambiri. Mukatha galu, dzifufuzeni nokha ndi ana.

## 11. Usiku

Galu agone m'tenti ndi inu. Mumuyendetse komaliza, mumupukute mapazi, katandiko kake kakhale kumapazi kwanu kapena pambali, kutali ndi khomo. Zipi zonse ziwiri zikumane pamwamba, chifukwa zikakhala pansi amazikankha ndi mphuno. Lamba asavule, ndipo chingwe, tochi ndi makiyi a galimoto zikhale pamene dzanja lingafike mu mdima.

Pamwamba pa phiri pamazizira ndi madigiri 5 kapena 6 kuposa m'chigwa, ndiye galu wa ubweya waufupi mufunditseni. Kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa ndi nthawi yachete pamsasa. Usiku wathu woyamba, cha m'ma 2 koloko, ndinadzidzimuka galu ataima njo, makutu ali tcheru, thupi lili njenjenje, kukhosi kukulira chapansipansi. Panja china chake chinkabudula udzu pafupi ndi chingwe cha tenti, kupuma kwake kukumveka. Ndinamugwira pachifuwa, n'kumayankhula naye monong'ona mpaka gwapeyo anasuntha, iye n'kudzipinda pa bulangete lake. Kumukalipira kumamuuza kuti nanunso mwaopa. Akakanika kutonthola, kakhaleni naye m'galimoto kwa kanthawi.

## 12. Posamuka

Mangani katundu galu ali pachingwe, chifukwa chipwirikiti cha kusamuka chimamusokoneza. Zungulirani malo mutole chimbudzi chake chonse, zimani moto ndi madzi mpaka phulusa lizizire. Mukafika kunyumba musambitseni, mufufuzenso nkhupakupa, muchape zogonera zake m'madzi otentha. Zizindikiro za Lyme mwa galu zimachedwa, miyezi iwiri mpaka isanu: kutsimphina kosinthasintha miyendo, kutentha thupi, kufooka, kukana chakudya. Mukaziona, muuzeni dokotala kuti munali m'phiri.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kumusiya m'galimoto. M'mphindi 10 zokha kutentha kwa m'galimoto yotseka kumakwera ndi madigiri pafupifupi 11, ndipo kutsitsa zenera pang'ono sikusintha zambiri. Mthunzi umene munaimikapo umasuntha. Kamphepo kozizira ka m'phiri kamanamiza anthu. Dzuwa la pagalasi ndi lomwe lija.

Kuganiza kuti mapaki onse ndi ofanana. Skyline Drive ikathera pa Rockfish Gap pamayambira Blue Ridge Parkway, msewu wa makilomita 755 wokafika ku Great Smoky Mountains, ndipo ambiri amafuna kupitiriza ulendo. M'mbali mwa msewuwo galu wa pachingwe amaloledwa m'timanjira, koma mukalowa mu Great Smoky Mountains amaloledwa m'tiwiri tokha, Gatlinburg Trail ndi Oconaluftee River Trail. Ku Rocky Mountain National Park ku Colorado saloledwa m'kanjira kalikonse. Werengani malamulo a paki iliyonse payokha.

Chingwe chotambasuka chokha. Chimapitirira muyeso wololedwa, chimakola miyendo ya anthu, ndipo galu akathamanga mwadzidzidzi chogwirira chake chimapulumuka m'manja n'kumamuthamangira kumbuyo chikuphokosera, iye n'kuthawa kwambiri. Chisiyeni kunyumba.

Kumupatsa mankhwala a anthu. Galu akamatsimphina, dzanja limathamangira m'chikwama. Ibuprofen amawononga m'mimba ndi impso zake, paracetamol amawononga chiwindi. Imbirani dokotala kaye.

Kusintha chakudya paulendo. Chakudya chatsopano chogula panjira chimatsegula m'mimba, ndipo muli m'tenti.

Kumulola kuthamangira aliyense. "Saluma" ndi mawu amene munthu woopa agalu samva. Pa kanjira kopapatiza patukani inu, mumukhazike pansi, anthu adutse. Musanamuyandikize kwa galu wina, funsani mwini wake.

Kutsetsereka osaganiza zobwerera. Popeza msewu uli pamwamba, timanjira tambiri ta kumathithi timayamba ndi kutsika, ndipo chitunda chonse chimakudikirani pobwerera, dzuwa lili paliwombo, madzi atachepa. Galu amatsika mokondwa n'kudzagona pakati pa chitunda. Musanatsike dzifunseni ngati mungamunyamule kuchokera pansipo atavulala phazi. Ngati simungathe, tembenukani madzi asanafike theka la botolo.